Kodi Zomva ndi Khutu Lokha Ndi Umboni?

Kumvetsera wamba ndi kuja munthu amatchera khutu ku chinthu n'kunena zomwe wamva, popanda dongosolo lililonse lomuteteza kuti asadzinamize. Injiniya wa mu situdiyo akasintha maikolofoni n'kunena kuti liwu la woimba layera, kapena wolemba m'magazini akalumikiza ampulifaya yatsopano n'kulemba kuti ng'oma zikumveka zonenepa, onsewo amvetsera wamba. Chomwe chikulira akuchiona, wochipanga akumudziwa, mtengo wake akuudziwanso. Kumvetsera kwadongosolo kumayenda mwina. Womvetsera amabisiridwa chomwe chikulira, mphamvu ya mawu imalinganizidwa, mayeso amabwerezedwa kambirimbiri, ndipo mayankho amawerengedwa ndi masamu kuti zidziwike ngati munthuyo akumvadi kusiyana kapena akungolota.

Mtsutso wagona pa kulemera kwa umboni wa mtundu woyambawo. Mbali imodzi muli mainjiniya ambiri ojambula nyimbo, opanga zida ena, ndi olemba a magazini monga Stereophile, yomwe J. Gordon Holt adayambitsa mu 1962, ndi The Absolute Sound, yomwe Harry Pearson adayambitsa mu 1973. Iwowa amati khutu lozolowera ntchito limamva zinthu zomwe makina oyezera sanafike poyeza, ndipo wolinyoza akutseka khomo lolowera nzeru zatsopano. Mbali inayo muli ofufuza za kamvedwe ka munthu ndi ambiri mwa olemba m'magazini ya bungwe la Audio Engineering Society. Awa amati munthu amamva zomwe akuyembekezera kumva, choncho zonena za munthu amene ankaona chomwe akumvetsera siziyenera kuwerengedwa ngati umboni.

Oikira kumbuyo khutu amayambira ku mbiri, ndipo mbiriyo imawapatsadi zonena. Giuseppe Tartini, katswiri wa vayolini wa ku Italy, adati mu 1714 adazindikira kuti akaliza nsambo ziwiri pamodzi mwamphamvu, pamamveka liwu lachitatu, lotsika, lomwe palibe nsambo ikuliimba. Adalemba za liwuli m'buku lake la mu 1754. Makina olionetsa kunalibe, ndipo padapita zaka zoposa 100 kuti Hermann von Helmholtz alifotokoze ndi masamu mu 1856. Lero n'zodziwika kuti liwulo limabadwira m'khutu momwemo.

Nkhani yolemera kuposa imeneyi ndi mkangano wa August Seebeck ndi Georg Ohm ku Germany. Kukwera ndi kutsika kwa liwu kumayezedwa powerenga kuti mpweya ukunjenjemera kangati pa sekondi, muyeso wake n'kulembedwa Hz, ndipo khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka pa 20,000 Hz. Mu 1841 Seebeck ankayesa chimbale chozungulira chokhala ndi timabowo, chomwe chimalira mpweya ukamadutsa m'timabowomo. Adapeza kuti khutu limamva bwinobwino liwu lotsika ngakhale liwulo litakhala lofooka kwambiri m'phokoso lenilenilo, bola mawu okwera omwe amayenda nalo akhalepo. Ohm, yemwe aliyense wophunzira zamagetsi amamudziwa, adali ndi chiphunzitso chakuti khutu limagawa phokoso m'zigawo zake n'kumva zokhazo zomwe zilimo. Zomwe Seebeck ankamva sizinkalowa m'masamu amenewo, ndiye Ohm adati khutu likunamizidwa. Helmholtz adaima ndi Ohm, nkhani n'kukhala ngati yatha. Idadzukanso pakati pa 1938 ndi 1940, pamene J. F. Schouten wa ku labotale ya Philips ku Eindhoven adachotseratu liwu lotsikalo m'phokoso, koma limamvekabe. Seebeck adamva zoona. Lamya wamba imadutsitsa mawu a pakati pa 300 Hz ndi 3,400 Hz okha, pomwe liwu la mwamuna wamkulu limakhala cha m'ma 120 Hz, koma woyankha lamya amamva besi ya wolankhulayo. Ubongo ndiwo umabwezeretsa chomwe waya wataya.

Kunja kwa sayansi ya mamvekedwe nakonso khutu lidatsogolapo. Leopold Auenbrugger, dokotala wa ku Vienna, adalemba mu 1761 za njira yogogoda chifuwa cha wodwala n'kumva ngati muli madzi, monga momwe wogula mbiya amaigogodera kuti amve ngati ili ndi mng'alu. René Laennec wa ku Paris adapinda pepala mu 1816 n'kulitsamiritsa pachifuwa cha wodwala, ndipo mmenemo mudachokera chida chomwe madokotala amakoleka m'khosi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Heinrich Barkhausen ankamva timalikhweru totsika m'zida zomvetsera mobisa mafoni a adani. Adalemba za ito mu 1919, koma chiyambi chake chidamveka bwino mu 1953, pamene L. R. O. Storey wa ku Cambridge adaonetsa kuti ndi mafunde a wailesi obadwa ku mphenzi, oyenda mtunda wautali kunja kwa dziko motsatira mphamvu yake ya maginito.

Ya Katy Payne ndi yaposachedwapa. Mu 1984, ali pafupi ndi njovu kumalo osungira nyama ku Portland m'dziko la America, ankamva mpweya ukugunda pang'onopang'ono, osati m'makutu kwenikweni koma m'thupi. Zidamukumbutsa momwe mpweya unkanjenjemerera pafupi ndi limba lalikulu la m'tchalitchi ali mtsikana. Adabwererako ndi anzake ali ndi zida zojambulira, ndipo atathamangitsa tepi kuti mawu akwere, padamveka kulira kwa njovu komwe kumatsika pansi pa 20 Hz. Zotsatira zidasindikizidwa mu 1986, kafukufuku n'kupitirira pa njovu za ku Kenya, Namibia ndi Zimbabwe. Anthu adakhala ndi njovu zaka zosawerengeka, koma funso limeneli lidafika m'buku la sayansi chifukwa munthu mmodzi sadanyoze zomwe thupi lake lidamva.

Pa ntchito yopanga zida, chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha maampulifaya oyamba a matiranzisita. M'zaka za m'ma 1960 zida zimenezi zinkapambana za mavavu agalasi pa muyeso wa nthawiyo, womwe unkaona kupotoka kwa liwu limodzi losasintha. Koma omvetsera ambiri ankadandaula kuti zikumveka zokhakhala ndi zolasa m'makutu. Madandaulo ena adali ndi maziko. Zida zina zinkapotoza mawu kwambiri zikamalira motsitsa, pomwe oyeza ankaziyeza zitakwezedwa. Mu 1970 Matti Otala wa ku Finland adafotokoza vuto linanso, lakuti ampulifaya imatha kulephera kutsatira mawu osintha mwadzidzidzi, monga kugunda kwa ng'oma, ngakhale ikukhoza bwino pa liwu lokhazikika. Akatswiri adatsutsana zaka zingapo za kukula kwa vutoli, koma mayeso atsopano adabadwa, ndipo kapangidwe ka zida kadasintha.

MP3 ndiyo idaonetsa poyera malire a makina oyezera. Njira imeneyi imachepetsa kukula kwa nyimbo potaya zigawo zomwe khutu silingamve chifukwa zaphimbidwa ndi mawu ena amphamvu. Pa miyeso yakale nyimbo yotere imaoneka yowonongeka kwambiri, koma kukhutu imatha kumveka yosasiyana ndi yoyamba. Wonena ngati zatheka ndi womvetsera basi. Karlheinz Brandenburg, mmodzi mwa omwe adaikonza ku Erlangen m'dziko la Germany, adasimba kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adayesa njira yake pa nyimbo ya Suzanne Vega yotchedwa Tom's Diner, yomwe ndi liwu lokha popanda zoimbira, ndipo liwulo lidatuluka loipa. Adaimvetsera mobwerezabwereza uku akukonza, ndipo njirayo idavomerezedwa padziko lonse mu 1993. Oikira kumbuyo khutu amawonjezanso mfundo ya tsiku ndi tsiku. Wosakaniza nyimbo mu situdiyo amagamula zinthu zambirimbiri pa nyimbo imodzi: gitala akwere pati, liwu likhale pafupi motani, besi ichepe kapena ayi. Akati aitane gulu la omvetsera pa chilichonse, chimbale sichingatuluke.

Otsutsa sakana nkhani zimenezi. Iwo amabwera ndi zawo, ndipo yoyamba ndi ya Thomas Edison. Kuyambira mu 1915 kampani yake inkachititsa zionetsero m'maholo a ku America: woimba ankaima pafupi ndi galamafoni n'kumaimba limodzi ndi chimbale chake, nthawi zina n'kusiya chimbale chikupitiriza chokha. Magetsi ankazimitsidwa, ndipo poyatsanso anthu ankapeza woimba atachoka kale pabwalo. Manyuzipepala ankalemba kuti omvera alephera kusiyanitsa munthu ndi makina. Galamafoni imeneyo inkajambula ndi kulira popanda magetsi, inkatulutsa kagawo kochepa ka mawu omwe khutu limamva, ndipo aliyense woimva lero sangaisokoneze ndi munthu. Mmodzi mwa oimbawo, Anna Case, adadzaulula atakalamba kuti ankasintha liwu lake kuti lifanane ndi la makina. Omvera aja sankanama. Adauzidwa zoti amve, malo adakonzedwa, ndipo adamvadi zomwezo.

Chifukwa chake n'chakuti kumva sikuthera m'khutu. Mu 1976 Harry McGurk ndi John MacDonald a ku yunivesite ya Surrey adaonetsa kuti munthu akamva liwu lakuti "ba" uku akuona milomo ikutchula "ga", ambiri amamva "da". Akatsinzina amamva "ba", akatsegula maso "da" amabwerera, ngakhale atauzidwa kale chinsinsi chake. Kudziwa kuti ukunamizidwa sikuchotsa chinyengocho, ndipo apa ndi pomwe pamagwera mawu a katswiri wonena kuti iye mtengo wa chida sumusokoneza. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa adatulukira zimenezi mwangozi ali pa kafukufuku wina, kotero mbali zonse ziwiri zimaitenga nkhaniyi ngati yawo.

Palinso misampha iwiri yosafuna ngakhale maso. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs adaonetsa mu 1933 kuti khutu silimva mawu onse mofanana. Limamva msanga a pakati pa 2,000 Hz ndi 5,000 Hz, ndipo phokoso likatsika, besi ndiyo imayamba kuzimirira. Motero chida cholira mokwera pang'ono chimamveka chodzaza ndi chomveka bwino kuposa chinzake, ndipo kusiyana kosafika desibelo imodzi (muyeso wa mphamvu ya mawu) womvetsera amakumva ngati ubwino, osati ngati kukwera. N'chifukwa chake oyesa mwadongosolo amalinganiza mphamvu mpaka pa 0.1 ya desibelo. Msampha wachiwiri ndi kuiwala. Chithunzi chenicheni cha phokoso chimakhala m'mutu masekondi ochepa okha. Munthu amene wazimitsa zida, n'kugwada kuseri kusintha waya, n'kubwerera pampando, sakufananizanso mawu ndi mawu. Akufananiza mawu ndi zomwe akukumbukira kuti adaganiza. Mainjiniya a mu situdiyo amasimba okha, moseka, za tsiku lomwe adapotokola batani mpaka liwu litakoma, kenako n'kuzindikira kuti batanilo silidali lolumikizidwa.

Umboni womwe umapweteka kwambiri mbali yoyamba udachokera kwa Floyd Toole, yemwe adafufuza za masipika zaka zambiri ku National Research Council ya ku Canada asanapite ku kampani ya Harman mu 1991, ndi mnzake Sean Olive. Mu 1994 adapempha antchito 40 a kampaniyo kuti apereke malikisi kwa masipika anayi, ulendo wina akuwaona, ulendo wina atabisidwa kuseri kwa nsalu yodutsa mawu. Akuwaona, masipika akuluakulu okwera mtengo adalandira malikisi ochuluka, ndipo kakang'ono kotchipa kadatsitsidwa. Atabisidwa, mpata udachepa ndipo kakang'ono kaja kadakwera. Koma chachikulu chidali china. Kusuntha sipika m'chipinda kumasinthadi mamvekedwe ake, ndipo makina amatha kuyeza kusinthako. Omvetsera obisiridwa adakumva ndipo malikisi awo adasintha, pomwe oona aja malikisi awo sadasunthe kwenikweni. Maso sadangowonjezera zomwe kunalibe, adaphimbanso zomwe zidalipo. Ndipo ozolowera ntchito adakodwa mofanana ndi achilendo.

Oimba nawo sadapulumuke. Mu 2010 ku Indianapolis, Claudia Fritz wa ku Paris ndi Joseph Curtin, wopanga mavayolini, adapatsa oimba 21 mavayolini asanu ndi imodzi, atatu atsopano ndi atatu akale a ku Italy, awiri a Stradivari ndi imodzi ya Guarneri del Gesù. Oimbawo adavala magalasi akuda m'chipinda cha hotelo chamdima. Atafunsidwa yomwe angapite nayo kwawo, 13 adasankha yatsopano, ndipo yomwe idakanidwa kwambiri idali ya Stradivari. Otsutsa mayesowo adati chipinda cha hotelo si holo, ndipo nthawi idachepa. Mayeso adabwerezedwa ku Paris mu 2012 ndi akatswiri 10 otchuka, mavayolini 12, nthawi yokwanira ndi holo yeniyeni. Asanu ndi mmodzi adasankha yatsopano, ndipo pofunsidwa ngati chomwe agwira ndi chakale kapena chatsopano, sadakhoze kuposa wongolota.

Otsutsa amakumbutsanso kuti mbiri imasunga mayina a omwe adamva zoona, n'kuiwala unyinji wa omwe adamva zopanda pake. Cha m'ma 1990 kudabuka mphekesera yakuti kupaka inki yobiriwira m'mphepete mwa CD kumakometsa nyimbo, ndipo adalipo olemba omwe adachitira umboni kuti akumva kusintha. Mpaka lero kuli mawaya a masipika ogulitsidwa madola masauzande. Pamene pali malonda, umboni wa khutu umakhala ndi mwini wake, ndipo wogula amene walipira kale ndalama zambiri safuna kumva kuti palibe chasintha.

Njira yomwe mbali yachiwiri imadalira kwambiri imatchedwa ABX, ndipo David Clark adaifalitsa pakati pa akatswiri a zida mu 1982. Womvetsera amamva A, amamva B, kenako X, yomwe ndi imodzi mwa ziwirizo yosankhidwa ndi makina, mwakuti ngakhale woyendetsa mayeso saidziwa. Ntchito ndi kunena ngati X ndi A kapena B. Wongolota amakhoza pafupifupi theka. Pa maulendo 16, wokhoza 12 kapena kuposa amawerengedwa kuti wamvadi, chifukwa mwayi wofika pamenepo mwa kulota chabe ndi pafupifupi 4 pa 100.

Apa mbali yoyamba ili ndi yankho lomwe silingakankhidwire pambali. Les Leventhal wa ku yunivesite ya Manitoba adaonetsa mu 1986 kuti mayeso afupiafupi otere amatchinga bwino bodza lakuti kusiyana kulipo, koma amalola mosavuta bodza lakuti kulibe. Masamu ake ndi osavuta. Munthu amene amamvadi kusiyana kochepa, wokhoza 60 pa 100 iliyonse, akayesedwa maulendo 16 amafika pa 12 kamodzi kokha pa mayeso asanu ndi limodzi. Kasanu konse adzalembedwa kuti sadamve kanthu. Kulephera kupeza kusiyana si umboni wakuti kusiyanako kulibe, koma anthu ambiri a mbali yachiwiri amalankhula ngati ndi choncho. Palinso nkhani yomwe Robert Harley, yemwe wakhala mkonzi wa The Absolute Sound, amakonda kusimba. Iye akuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 wailesi ya boma ya ku Sweden idayesa mobisa njira ina yochepetsera nyimbo ndi gulu lalikulu la akatswiri, n'kuipeza yabwino, koma Bart Locanthi, injiniya wa ku America, atamvetsera tepi yake payekha adamva kaliwu kachilendo pa 1,500 Hz m'mphindi zochepa, ndipo a ku Sweden atauzidwa adakamva nawonso. Nkhaniyi imafika kudzera mwa munthu wa mbali imodzi, koma chomwe ikunena n'chomveka. Gulu lofunsidwa funso limodzi limatchera khutu ku funso lomwelo, ndipo vuto lomwe palibe adaliganizira limatha kudutsa pakati pawo.

Momwe mbali ziwirizi zimakokanirana zimaoneka bwino pa nkhani ya nyimbo zojambulidwa mopitirira muyeso wa CD. CD imasunga phokoso poliyeza maulendo 44,100 pa sekondi, ndipo okonda zida ambiri akhala akunena kuti miyeso yokwera kuposa apa imamveka bwino. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran a ku Boston adadutsitsa nyimbo zotere m'chida chozitsitsira pa muyeso wa CD, omvetsera osadziwa. Pa maulendo 554 mayankho olondola adali 276, pafupifupi theka. Otsutsa mayesowo adaloza kuti zimbale zina zomwe zidagwiritsidwa ntchito zidachokera ku matepi akale, kotero munalibe zoti CD itaye. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku yunivesite ya Queen Mary ku London adaphatikiza zotsatira za mayeso 18, momwe mudali anthu oposa 400 ndi maulendo oposa 12,000. Adapeza kuti mayankho olondola adali pafupifupi 52 pa 100, ndipo mwa omvetsera ophunzitsidwa adafika cha m'ma 60 pa 100. Aliyense adapezapo pogwira. A khutu adati kusiyana kulipo monga ankanenera. Enawo adati kusiyana komwe kumafuna maulendo 12,000 kuti kuoneke sikungakhale kuja olemba amati n'kwa usana ndi usiku.

Nkhani zonsezi zikaikidwa pamodzi, mzere wolekanitsa suli pakati pa khutu ndi makina. Mayeso obisa nawo ndi kumvetsera, ndipo chida chake ndi khutu lomwelo. Chosiyanitsa Tartini, Barkhausen ndi Payne kwa omvera a Edison n'chakuti oyambawo adamva chinthu chomwe sankachiyembekezera, chomwe palibe adawalonjeza kapena kuwagulitsa. Brandenburg adamva vuto m'ntchito yake yomwe, chinthu chomwe sakadafuna kumva. Omvera a Edison, antchito a Harman ndi opaka inki pa CD adamva zomwe adauzidwa kapena zomwe adalipira. Si lamulo losaphonya, chifukwa munthu amathanso kudabwa ndi chinthu chomwe kulibe, koma limathandiza kudziwa umboni woyenera kuuthamangira. Chachiwiri n'chakuti palibe mmodzi mwa ngwazi za mbali yoyamba amene adaima pa kumva pokha. Laennec ankafananiza zomwe wamva m'chifuwa ndi zomwe ankapeza pong'amba mitembo ya odwala omwewo. Payne adabwerera ndi tepi. Zomwe Seebeck adamva zidadikira Schouten zaka pafupifupi 100, ndipo pa nthawi yonseyo panalibe njira yodziwira ngati wolondola ndi iye kapena Ohm.

Wallace Sabine adaonetsa kalekale kuti khutu likhoza kusanduka chida choyezera likapatsidwa mwambo. Mu 1895 yunivesite ya Harvard idamupatsa ntchito yokonza chipinda chophunzitsira cha ku Fogg, momwe mawu ankachedwa kuzimirira masekondi oposa asanu, mwakuti mphunzitsi sankamveka. Maikolofoni oyezera kunalibe. Adatenga chitoliro cha limba cholira pa 512 Hz ndi wotchi, n'kumagwira ntchito usiku kunja kuli zii, akuwerenga nthawi yomwe liwu likutenga kuti lisamvekenso. Ankabweretsa makushoni a mipando ya ku Sanders Theatre, kuwonjeza ndi kuchotsa, kubwereza mpaka manambala atakhazikika. Mmenemo mudatuluka lamulo la masamu lomwe omanga maholo amagwiritsabe ntchito, ndipo Symphony Hall ya ku Boston, yotsegulidwa mu 1900, idamangidwa motsatira malangizo ake. Sabine sankafunsa khutu lake ngati chipinda chikukoma. Ankalifunsa funso limodzi laling'ono, loti liwu latha kapena ayi, lomwe yankho lake likhoza kulembedwa ndi kubwerezedwa ndi munthu wina.

Ntchito ya Toole ndi Olive idafika pamalo ofanana kudzera njira ina. Omvetsera atabisiridwa, zidapezeka kuti ambiri amakonda masipika amtundu umodzi, aja osakweza kapena kutsitsa chigawo china cha mawu, ndi omwaza mawu mosalala m'chipinda. Pofika 2004 Olive adali ndi masamu otha kulosera, kuchokera pa miyeso yokha, momwe anthu angakondere sipika. Madandaulo akale akuti miyeso sigwirizana ndi zomveka adali oona pa miyeso yosakwanira ya nthawiyo, koma chomwe chidakonza miyesoyo ndi kumvetsera kobisa, osati kumvetsera wamba.

Chigamulo choyenera chimadalira funso lomwe lafunsidwa. Posankha momwe nyimbo imvekere, wosakaniza sakunena kuti wapeza choonadi cha chilengedwe, akupanga luso, ndipo khutu lake n'lokwanira. Pofufuza vuto losadziwika, khutu la katswiri womasuka limaposa gulu lomangidwa ndi funso limodzi. Koma ponena kuti chida ichi chimamveka bwino kuposa icho, makamaka kusiyana kukakhala kochepa ndipo mtengo ukudziwika, kumvetsera wamba kumangodzutsa funso, sikuliyankha. Holt yemwe, amene adayambitsa kulemba za zida potengera khutu, adadandaula mu 2007 kuti malonda a zida zapamwamba adataya chikhulupiriro cha anthu m'zaka za m'ma 1980 pokana mayeso obisa.

Malamulo omwe mawailesi ndi opanga zida amatsatira masiku ano adapatsa mbali iliyonse malo ake. Bungwe la ITU lidatulutsa ndondomeko yotchedwa BS.1116 mu 1994 yoyesera kusiyana kochepa kwambiri, ndi ina yotchedwa MUSHRA mu 2001 yoyesera kusiyana kokulirapo. Mu BS.1116, akatswiri amayamba amvetsera momasuka kuti apeze nyimbo ndi mawu omwe amavutitsa chida choyesedwacho. Kenako omvetsera amapatsidwa nthawi yozolowera, akudziwa chomwe chikulira, mpaka atagwira vuto lomwe akulisaka. Malikisi okhawo omwe amalowa m'lipoti ndi operekedwa pambuyo pake, pamene womvetsera ndi woyendetsa mayeso onse sakudziwa chomwe chikulira.